Masekondi 14

Makina amene ndinaphunzirirapo kudula mawu ndi amsinkhu wanga. Ndi Roland VS-880, ndipo mtundu umenewu unatuluka mu 1996, chaka chomwe amayi anandibereka. Kusiyana kwathu n'kwakuti ine anthu akunditchulabe mtsikana, pomwe makinawo aliyense wolowa mu situdiyo ankawayang'ana ngati nkhalamba yomwe yaiwala kufa. Anabwera ndi alendo ena kalekale, wailesi yathu ya m'dera itangotsegulidwa kumene, ndipo ine ndinawapeza ali pakona, atafunditsidwa chitenje chakutha.

Pa wailesipo ndinafika nditamaliza ku Chanco, digiri ili mu envelopu, ntchito kulibe. Nkhani yake mukuidziwa, ena mwa inu mukuwerenga izi muli pa benchi yomweyo. Ndinkagwira modzipereka, ya thiransipoti ikapezeka ndiye malipiro. Kompyuta yokonzera mawu inalipo imodzi yokha, ndipo inali ya anthu a nkhani kuyambira m'mawa mpaka nkhani zamadzulo zitawerengedwa. Ife a mapulogalamu a chikhalidwe tinkadikira. Tsiku lina bambo wachikulire woyang'anira zipangizo, amene tonse tinkangowatchula kuti Madala, anandipeza ndikuwodzera pakhonde.

"Mwana wanga, ukudikira chiyani?"

"Kompyuta, bambo."

"Nanga awo ali pakonawo ndi mbaula?"

Madala anayamba ntchito nthawi ya tepi ya mawilo awiri, pamene kudula mawu kunali kudula kwenikweni. Ankakhala ndi lezala, pensulo yamafuta yolembera pa tepi ndi kaselotepi kolumikizira. Ankapukusa mawilowo ndi manja, uku ndi uku, mpaka amve pamene liwu layambira, n'kuika chizindikiro, n'kucheka mopendeketsa. Kachidutswa kochotsedwako ankakakoleka m'khosi, kuopa kuti mwina akakafunanso. Amati masiku amenewo munthu akanena kuti wataya mawu a nduna, ankagwada pansi n'kuyamba kufufuza m'zinyalala. Ndiye kwa iwo makina a 1996 anali amakono ndithu, ndipo ankawagwira mwaulemu, ngati mmene mkamwini amagwirira njinga yobwereka kwa apongozi.

Ndi kabokosi kokwana pathebulo laling'ono, kali ndi tonyamulira mawu totsetsereka m'mwamba ndi pansi, mabatani ambirimbiri, ndi gudumu limodzi lopukusa ndi chala. Kagalasi kake ndi kakang'ono, kamaonetsa nambala za nthawi ndi timizere tokwera ndi kutsika. Basi. Pa kompyuta mawu umawaona, amakhala ngati mapiri ndi zigwa, ndipo ukazolowera umadula ndi maso mahedifoni ali m'khosi. Ndaonapo anzanga akumaliza nkhani yonse uku akuyankha WhatsApp. Pa makina awa sizingatheke. Ukafuna poyambira penipeni pa liwu umadina batani lolembedwa Scrub, ndipo makina amatenga kachidutswa kakang'onong'ono ka mawu n'kumakabwereza osalekeza, drrrr, ngati chiwala chatsekeredwa m'chitini. Iwe umapukusa gudumu pang'onopang'ono mpaka bata lisanduke phokoso. Pamenepo ndiye pamene munthu watsegula pakamwa.

Sabata yoyamba ndinkabwerera kunyumba mutu ukulira. Yachitatu ndinayamba kumva zinthu zimene ndakhala ndikuziyankhula moyo wanga wonse osazimva.

Mwachitsanzo, mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o, u, ndiye munthu akamayankhula mawuwo amagwirana manja, polekezera sipaoneka. Malo abwino odulira ndi kutsogolo kwa p, t kapena k, chifukwa kuti zilembo zimenezi zituluke pakamwa pamayamba patsekeka kaye, ndipo pamakhala kabata kochepa komwe lezala ingalowe. Koma usamale ndi ph, th ndi kh. Ukameta kampweya kotsatirako, phala limasanduka pala. Mb ndi nd ndiye zovuta, chifukwa kung'ung'udza kwa m'mphuno kumayamba iwe usanayembekezere, ukachedwa pang'ono mbale imamveka ngati bale. Kenako pali kukwera ndi kutsika kwa liwu. Sungabe liwu loti "mtengo" pamene munthu akudandaula za mtengo wa feteleza n'kukaliika pamene akunena za mtengo wa mango. Papepala ndi liwu limodzi, koma khutu la Mchewa limakana pompo. Ndipo liwu lomaliza m'chiganizo limakhala lokoka, mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto umatalika, mawu n'kutsika. Ukalinyamula n'kuliika pakati, omvera amamva munthu akutseka chitseko nkhani isanathe.

Zimenezi ku yunivesite tinaziphunzira, ndinalemba mayeso n'kukhoza. Koma ndinazimva koyamba ndi chala chili pa gudumu lija.

Chinthu china chimene Madala anandiuza tsiku loyamba, chomwe ndinangochitenga ngati chotonthoza ophunzira, n'chakuti pa makina awa kudula si kutaya. Mawu akamalowa, makina amawayeza maulendo 44,100 pa sekondi imodzi n'kusunga nambalazo pa disiki. Ukadula, nambalazo sazikhudza. Amangolemba pambali kuti poseweretsa, akafika apa adumphe, akayambire apo. Ukalakwitsa umadina Undo, ndipo ukhoza kubwerera m'mbuyo mpaka maulendo 999. Njira zojambulira ndi 8, koma iliyonse ili ndi zipinda 8 zobisika, zonse pamodzi 64, moti ukhoza kusunga nkhani imodzi m'mitundu ingapo, wina wautali, wina waufupi. "Palibenso zokoleka tepi m'khosi," anatero Madala. "Amakukolekera okha."

Tsopano ndinene za agogo.

Tinali ndi ganizo la pulogalamu ya anthu akale amene anakagwira ntchito kunja, ndipo ine ndinati ndiyambe ndi a kwathu, bambo a amayi anga, ku Dedza. Ndinawachonderera Madala mpaka anandibwereka makinawo Lachisanu, pamodzi ndi maikolofoni, batire ya galimoto ndi inveta. Anandiperekeza mpaka pa depoti, akundibwereza zomwezomwezo. Usajambulire m'nyumba ya malata, malata amabweza mawu ndipo dzuwa likatentha amathetheka. Inveta uike panja, chingwe chikhale chachitali, apo ayi udzamva kulira kwake m'nkhani yonse. Maikolofoni italikire chikhatho chimodzi kuchoka pakamwa, ipendekere pambali pang'ono kuti mpweya wa ph usaiwombe. Timizere tisafike pamwamba penipeni, chifukwa pa makina a nambala pamwamba pa 0 palibe kanthu, mawu akafika pamenepo amasweka ndipo sakonzeka. Nkhalamba imanong'ona kenako n'kuseka mwadzidzidzi, uisiyire malo osekera. Ndipo usanayambe, ujambule mphindi imodzi wina aliyense ali chete.

"Chete ndijambuliranji, bambo?"

"Udzamufuna."

Tinakhala m'kanyumba kaudzu komwe agogo aakazi amasungiramo chimanga. Matumba ndi udzu zimameza mawu bwino kuposa situdiyo yathu. Ndinathamangitsa nkhuku, ndinapempha ana akasewerere kudambo. Chimene sindikanatha kuthamangitsa ndi chigayo cha pa sitolo, chomwe chinkamveka chapatali, du-du-du-du. Agogo anavala jekete. Ndinawauza kuti pa wailesi anthu saona, iwo anati, "Mkazi wanga, munthu wovala jekete amamveka." Ankanditchula choncho kuyambira ndili wakhanda, monga agogo amachitira ndi adzukulu aakazi, ndipo agogo aakazi ankanditcha mkazi mnzawo.

Anayankhula mphindi 71. Ananena za kulembedwa ndi Wenela, za kuyezedwa m'chifuwa atavula malaya, za ndege yoyamba m'moyo wawo yomwe inawatula ku Francistown, ndi sitima yochoka kumeneko kupita ku Joni. Ananena za chikepe chotsika nacho pansi pa nthaka, makutu kutsekeka, kutentha kwa kumeneko koti thukuta limadzaza m'majombo. Akafika pa mawu a kapitawo ankasintha n'kuyamba Fanakalo, chiyankhulo cha m'migodi, n'kumaseka okha. Kenako anafika pa April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown itangonyamuka, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu a m'migodi, ndipo amene anali kale kumeneko anayamba kubwerera makontirakiti awo akamatha. Zonsezi ndinazimvapo kale pamoto, zidutswazidutswa. Ndiye ndinafunsa funso lomwe ndinalemba papepala ngati lotsekera, losavuta.

"Agogo, ena anatsala konko, anasanduka matchona. Inu munabwereranji?"

Anakoka mpweya ngati ayankha. Sanayankhe. Nthawi imeneyo sindinawerenge, koma pambuyo pake nambala za pa kagalasi zinandiuza: masekondi 14. Yesani kukhala chete masekondi 14 munthu atakufunsani funso, muone kutalika kwake. Kenako analoza kanyali kofiira.

"Kakadayaka ako?"

"Kakadayaka, agogo. Ndizimitse?"

"Kasiye."

Ndipo anati, "Kunali mwana kumeneko."

Anayankhula mphindi zitatu ndi theka. Mayi wina wa ku lokeshoni pafupi ndi mgodi, wogulitsa chakudya. Mwana wamkazi, anali atangoyamba kuyenda. Anatchula dzina lake kawiri, ndipo sindililemba pano. Anati anasiya wotchi ndi ndalama zimene anali nazo m'thumba, ananena kuti akubwera, ndipo ankadziwa kuti akunama. Anati, "Kuno kunali atatu, kumeneko mmodzi. Ndinawerenga basi." Anakhalanso chete pang'ono, n'kumaliza ndi mawu otsika, okhala ngati atopa: "Ndinabwerera ana."

Ndinazimitsa. Iwo anavula jekete, n'kufunsa ngati nsima yapsa.

Pulogalamu ija sinachitike, ndalama za otithandiza zinathera panjira. Mawuwo anakhala pa disiki, ine osauza munthu. Akuluakulu amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa anagonera, koma kukoma sindinganene. Agogo anamwalira dzinja lotsatira, chifuwa chomwe anabwera nacho ku migodi chija. Patapita chaka ndi miyezi, titakolola, amalume anaitanitsa banja kuti tikonze zovundukula chiliza, ndipo anakumbukira. "Paja iwe unawajambula madala aja? Tsikulo anthu awamve. Mphindi khumi zokha, pasatalike."

Ndinayamba ndi zosavuta. Kuchotsa mphindi 60 pa 71 kumamveka ngati nkhanza koma zambiri zimachoka zokha: pamene tambala analowerera, pamene anabwereza nkhani ya chikepe, pamene ine ndinafunsa zopusa. Kenako ndinalowa m'kati mwa ziganizo. Ndinachotsa "eee" aliyense, "mwamva eti" aliyense, chifuwa chilichonse, mpweya uliwonse. Ndinkafuna agogo amveke ngati munthu wophunzira, ndivomere. Nditawamvetsera Madala, anavula mahedifoni pasanathe mphindi.

"Munthuyu akupuma nthawi yanji? Wamira m'madzi?"

Anandifotokozera kuti womvera amapuma pamodzi ndi woyankhula osadziwa, ndiye ukachotsa mpweya wonse, womverayo amabanika, amatopa, osadziwa chomwe chamutopetsa. Ndinadina Undo maulendo osawerengeka. Ndinabweza mpweya, ndinabweza "mwamva eti" atatu, ndinabweza chifuwa chimodzi chifukwa popanda icho sanali iwo. Chifuwa chimene chinawapha ndi chomwe chinkachititsa kuti amveke amoyo. Tsiku limenelo Madala anandipatsanso lamulo lawo, limene amati analitenga kwa amene anawaphunzitsa: munthu ukhoza kumufupikitsa, koma usamusinthe.

Zinatsala mphindi zitatu ndi theka zija. Ndinaona kuti si ine woyenera kugamula ndekha. Ndinawaitana amayi ku situdiyo Loweruka masana kulibe anthu, ndinawaveka mahedifoni pamwamba pa duku, n'kuyambira pa funso langa. Ine sindinkamva kanthu, ndinkangoona nambala zikuyenda ndi nkhope yawo. Pa masekondi 14 aja anandiyang'ana ngati akufunsa ngati makina afa. Kenako anasiya kundiyang'ana.

Amayi anali ndi zaka 4 pamene bambo awo anabwera. Amakumbukira bokosi lachitsulo, bulangeti lofiira, ndi kuti anathawa kukabisala kuseri kwa nkhokwe chifukwa sankamudziwa munthuyo. Atavula mahedifoni anawapinda bwinobwino chingwe, n'kuwaika pathebulo.

"Ndiye kuti ife tinangopambana pa chiwerengero."

Sindinayankhe.

"Uchotse. Agogo ako aakazi adakali moyo. Amalume ako ukuwadziwa mtima wawo. Uchotse, wamva?"

"Ndichotsa, amayi."

Apa ndiye pamene ndiyenera kunena zoona. Ndinkadziwa kuti "kuchotsa" kwa amayi ndi "kuchotsa" kwa makina n'zosiyana. Iwo ankatanthauza kuti mawuwo asapezekenso padziko. Ine ndinkatanthauza kuti poseweretsa makina adumphe. Ndinaona kusiyanako, ndipo ndinakhala chete.

Kudulako pakokha kunali kovuta kuposa kwina kulikonse komwe ndinachitapo. Papepala n'kophweka: funso langa, "Inu munabwereranji?", kenako yankho lawo, "Ndinabwerera ana." Koma pakati pa ziwirizi panadutsa pafupifupi mphindi zinayi, ndipo m'mphindi zimenezo chigayo chija chinazima. Nditalumikiza, funso linali ndi du-du-du kumbuyo, yankho linalibe. Khutu limamva msoko wotero ngakhale munthu sadziwa dzina lake. Apa ndiye ndinamufuna chete uja. M'mphindi imodzi yomwe ndinajambula poyamba munali chigayo chokhachokha ndi kamphepo ka mu udzu. Ndinakopera chidutswa chake pa njira yachiwiri, pansi pa yankho, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono ndi chala mpaka chinazimirira ngati mwini chigayo watseka yekha.

Vuto lachiwiri linali liwu. Munthu akamayamba kuyankha funso amayambira pamwamba, ali ndi mpweya wodzaza. "Ndinabwerera ana" anawanena kumapeto, mpweya utatha, mawu ali pansi. Ndinasiya mpweya umene anakoka nditangofunsa, uja wokhala ngati ayankha, n'kusiya masekondi awiri a chete, kuti kutsikako kumveke ngati kwa munthu amene waganiza kaye mofatsa. Ndinapukusa gudumu mpaka kung'ung'udza kwa nd kutayamba, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndisamete mphuno. Ndinamvetsera kakhumi. Msoko sunkamveka. Ndinawaitana Madala, amene sankadziwa chomwe chinali pamenepo, ndinawapempha andiuze ngati pali podula m'mphindi yomalizayo. Anamvetsera atatsinzina. Anati palibe.

Ndinanyadira. Ndikunena izi chifukwa ndi zomwe zinachitika. Kwa kanthawi ndinayenda m'situdiyo ngati ndagoletsa chigoli, ndipo manyazi anabwera pambuyo, ndili mu minibasi.

Nanga lamulo la Madala ndinaliphwanya? Ndaliganizira kwambiri. Liwu lililonse linali la agogo, ndipo m'ndondomeko yomwe anawanenera. Sindinawaike m'kamwa chimene sananene. Anabwereradi ana. Pa wailesi timachita zotere tsiku lililonse, mfumu ikayankhula mphindi 20 timaulutsa masekondi 40 ndipo palibe amene amati tanama. Koma munthu amene akufunsidwa n'kuyankha m'masekondi awiri kuti "ndinabwerera ana" ndi bambo wabwino wa m'buku la sukulu. Amene anakhala chete masekondi 14, n'kuloza kanyali, n'kuwerenga ana ake mbali ziwiri, ndi munthu wina. Woyambayo ndinamupanga ndine, ndi chala chimodzi. Ndipo chimene chimandivuta kwambiri ndi "Kasiye" uja. Ndinawapatsa mpata wozimitsa. Anakana. Munthu amene wasunga chinthu zaka pafupifupi 50 sachinena mwangozi pamaso pa maikolofoni atavala jekete. Komanso sanandiuze woti ndikamupatse. Anangonditula, n'kufunsa za nsima.

Tsiku la chiliza tinabwereka sipika ya kwaya. Mawu atangotuluka, "Ine ndinapita ku Joni ndili mnyamata," azimayi anayamba kulira, ana anathamangira kuseri kwa sipika kukaona. Pa Fanakalo paja madala anzawo awiri anaseka mpaka kupukuta misozi. Pa "Ndinabwerera ana" amalume anaweramitsa mutu, azakhali anagwira dzanja la amayi. Amayi ankayang'ana kutsogolo. Anthu anandithokoza, ena anafunsa ngati ndingakajambulenso makolo awo asanapite.

Madzulo, alendo atachepa, agogo aakazi anandikodola ali pamphasa.

"Mkazi mnzanga, tabwera. Makina akowo amathamangitsa anthu?"

"Bwanji, agogo?"

"Paja unawafunsa za kubwera. Zaka zonsezi, munthu uja ukamufunsa zimenezo ankayamba wayang'ana pansi mpaka nsima kuzizira. Lero wayankha ngati mwana wa sukulu."

"Ndinafupikitsa pang'ono, agogo. Amalume anati pasatalike."

"Eya," anatero. "Wafupikitsa."

Anatsegula kabotolo kawo ka fodya, n'kundituma madzi akumwa. Sanafunsenso, mpaka lero.

Nkhaniyi ikanathera pomwepo, ine n'kumakhala pakati pa kudula ndi kufufuta mpaka kalekale, chikhala kuti disiki ya makina aja ndi yaikulu. Koma ndi yaing'ono, ya nthawi yake. Patatha miyezi iwiri Madala anandiuza kuti yadzaza, ndipo kwaya ina ikubwera kudzajambula Lolemba. Pa makina amenewa pali lamulo lotchedwa Song Optimize. Ntchito yake ndi kutaya zonse zimene makina akhala akukukolekera m'khosi, zidutswa zomwe sizikugwiritsidwanso ntchito, kuti malo apezeke. Ukalidina, Undo sakubwezeranso kanthu. Apo ndiye kudula kumasanduka kufufuta.

"Zako zija wamaliza nazo?"

"Ndimaliza Lamlungu, bambo."

Lamlungu ndinapita ndekha nditatuluka m'tchalitchi. Mtundu wathunthu, wa mphindi 71, unali m'chipinda chimodzi mwa zobisika zija, momwe ndinausiya ndisanayambe kudula. Kuti Optimize amasule malo enieni, ndinayenera kuufufuta kaye umenewo. Ndinakhala nthawi yaitali chala chili pamwamba pa batani. Ndinalonjeza amayi. Komanso kwinakwake ku South Africa, ngati ali moyo, kuli mayi wa zaka za m'ma 50 amene anauzidwa kuti bambo ake anali Mmalawi wina yemwe anasiya wotchi. Mwina sitidzamupeza, mwina sitidzamufuna n'komwe. Koma malo okhawo padziko pomwe bambo akewo akutchula dzina lake ndi pakamwa pawo anali pansi pa chala changa.

Ndinatenga chingwe, ndinalumikiza makina ku laputopu yobwereka. Mmene ndinkachitira ine panalibe chidule, mawu amayenera kuseweredwa onse pa liwiro lake kuti awoloke. Ndiye ndinakhala mphindi 71 ndikumvetsera, tambala, chikepe kawiri, mafunso anga opusa, chigayo, masekondi 14. Ndinaika pa memori khadi, ndinafufuta pa laputopu, khadiyo n'kuikulunga m'kapepala.

Usiku ndinawapeza amayi akusankha nyemba. Ndinagwada, ndinaika kapepalako m'mphepete mwa lichero.

"N'chiyani?"

"Ndi zija, amayi. Zonse. Ndinakuuzani kuti ndichotsa, koma ndinangodula, sindinafufute. Mawa m'mawa ndikafufuta za pa makina. Ikatero yotsala ndi iyi yokha. Mukafuna muponye pamoto."

Mbaula inali pomwepo, makala ali ofiira. Anayang'ana kapepalako nthawi yaitali, ndipo ine, chizolowezi, ndinapezeka ndikuwerenga mumtima. Ndinafika pa 20 n'kusiya.

"Kanthu kakang'ono chonchi," anatero.

Anakamanga pa ngodya ya chitenje n'kupitiriza kusankha nyemba. Pambuyo pake ndinakaona m'chitini momwe amasungira masatifiketi athu a sukulu ndi makadi a kusikelo. Kali momwemo mpaka pano. Sanamvetserenso, sanataye. Ndisanalembe izi ndinawapempha, ndipo anati, "Agogo ako sawerenga za pa foni. Amalume ako ndiwauza ndekha. Lemba, koma dzinalo ayi."

Lolemba ndinafika 6 koloko, a kwaya asanabwere. Ndinafufuta chipinda chija, ndinapukusa gudumu mpaka pa Song Optimize. Makina anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinadina, disiki inalira kanthawi, nambala ya malo otsala inakwera. Madala analowa atanyamula maikolofoni anayi ndi kapu ya tiyi, n'kundiuza ndiwathandize kutambasula zingwe.